Galimoto Yopanda Mapisitoni

"Pondani, achimwene, pondani! Imeneyi saisisita ngati khanda," anatero Owen uku akuseka pa mpando wa pambali.

Tumbikani anaponda. Galimoto yofiirayo inalumpha ngati yalumidwa ndi mavu, msana wake n'kumatirira ku mpando. Mitengo ya m'mbali mwa msewu wa ku Kande inayamba kuthawira kumbuyo. Kulira kwa injini kunakwera, kukwererabe, mpaka kumveka ngati njuchi zimene wina wazitsekera m'chitini. Kenaka kabelu kanalira chapafupi ndi chiwongolero.

"Mayo, ndaononga?"

"Ayi, ikukuuzani kuti musinthe giya. Nyimbo yake ndi imeneyo."

Tumbikani anaseka mpaka misozi. Zaka zonse zimene anakhala ku Joni akuperekera zakudya m'lesitilanti, galimoto zotere ankangoziona pa windo, eni ake akutsika ndi magalasi akuda. Atabwerako anakhazikika ku Chintheche n'kutsegula golosale, ndipo iye ndi mkazi wake Dailesi anapangana zogula kapikapu kotengera nsomba ku Mzuzu. Dailesi anali atapita kale ku sukulu yoyendetsa galimoto n'kutenga laisensi, poti wopita ndi nsombazo anali iyeyo. Tsiku limeneli Tumbikani ananyamuka kuti akaone pikapu ina ku Dwangwa. Koma minibasi itaima pa Kande, anaona chinthu chofiira, chachifupi ngati chagwada, chili ndi pepala la malonda pa galasi. Anatsika osadikira n'chenji chomwe.

Owen anali mnyamata wa ku Blantyre woyang'anira loji ina ya kunyanja, ndipo ankagulitsa galimotoyo chifukwa anapeza ntchito kunja. Atabwerera pamene anayambira, anatsegula boneti.

"Ndikuuzeni zoona, kuti mawa musadzanditukwane," anatero. "Injini iyi ndi ya rotale. Mulibe mapisitoni umu. Muli chitsulo cha makona atatu chimene chimangozungulira. Oilo imamwa dala, ndiye muziyenda ndi botolo. Petulo osanena. Koma chachikulu n'chakuti mukailiza m'mawa, musaizimitse isanatenthe. Mukatero mafuta amasefukira m'kati, ndiye imakana kulira ngakhale muigwadire."

"Yewu, yewu, ndamva," anatero Tumbikani, akuthokoza m'chiyankhulo cha kwawo. Koma maso ake anali pa zitseko za kumbuyo, zimene zinkatsegukira chakumbuyo ngati mapiko a chiwala. Mawu a Owen analowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Ndalama za pikapu zija anazipereka pomwepo, ndipo anafika nayo pa Chintheche dzuwa likupendeka. Akabaza anasiya makasitomala awo n'kuthamangira galimotoyo. Amayi ogulitsa usipa anaimirira, manja pakamwa. Tumbikani anatsitsa galasi, chigongono panja, n'kudutsa pa msika kawiri ngakhale njira ya kunyumba sinadzere kumeneko.

Dailesi anatuluka m'golosale akupukuta manja. Anali mayi wa ku Dedza amene anakulira ku esiteti ya rabala kumene makolo ake ankagwira ntchito, ndipo sankadziwa kubisa mawu. Anaizungulira galimotoyo pang'onopang'ono, n'kusuzumira m'buti.

"Bambo a Natasha, pikapu ija yafupika chonchi panjira?"

"Mayi a Natasha, tayambani mwaimva kulira kwake."

"Ndikufunsa kuti madengu a nsomba ndiziika pati? Pamutu panu?"

"Nsomba tidzaona. Munthu amabadwa kamodzi."

"Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere," anatero Dailesi. Anamuyang'ana mwamuna wakeyo, bambo wamkulu wa mimba yake, akupukuta fumbi pa nyali ndi mpango wa m'thumba. Anapukusa mutu. "Chabwino. Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere m'manja. Koma ine phazi langa silidzapondamo."

Ndipo sanapondemo. Kutchalitchi ankapita wapansi, Tumbikani akumutsatira pang'onopang'ono ndi galimoto, akumuchonderera pa windo, anthu akuseka m'njira.

Sabata zimenezo kwawo kwa Tumbikani, ku Tukombo, kunali kalikiliki wa ukwati wa mlongo wake wotsiriza, Faith. Mtsikanayo ataiona galimotoyo anavina pabwalo.

"Achimwene, ine ndikakwera imeneyi! Zija za minibasi ya maliboni zatha."

Tumbikani anadziguguda pachifuwa. Anauza a komiti ya ukwati kuti abweze galimoto ya hayala imene anali atapangana nayo. Malume ake, a Simeon, amene aliyense ankangowatchula kuti asibweni, anagogoda tayala ndi ndodo yawo.

"Mphwanga, chinthu chogunda mimba pa chulu chilichonse ichi, n'chotengera mkwatibwi?"

"Asibweni, Tukombo yense adzakamba za ukwati umenewu mpaka ana a Faith adzakule."

"Adzakambadi," anatero a Simeon. "Koma sitikudziwa kuti adzakamba zotani."

Loweruka la ukwati Tumbikani anadzuka m'mamawa pa nyumba ya mayi ake. Galimoto inagona pansi pa mtengo wa mango, ndipo mileme inali itaidetsa denga lonse. Anailiza, n'kuisuntha pang'ono kufika pafupi ndi mjigo, n'kuizimitsa. Anaitsuka ndi sopo wosambira, kuipukuta mpaka kuona mano ake pa chitseko, kenaka atsikana anaimanga maliboni oyera ndi mabaluni. Iye anakavala suti yake ya ku Joni ndi nsapato zosongoka.

Nthawi itakwana, Faith anatuluka m'nyumba atavala zoyera, amayi akululutira, ena akuyala zitenje pansi. Lole yotenga akwaya inali itaima kale kumsewu. Tumbikani anatsegula zitseko zonse zinayi kuti anthu aone bwino, anakhala pa chiwongolero, n'kupotokola kiyi.

Injini inazungulira, wiii, koma osagwira.

Anapotokolanso. Wiii. Fungo la petulo linadzaza pabwalo. Nthungululu zinayamba kuchepa, imodzi imodzi, mpaka kunangotsala kulira kwa nkhuku.

"Ikutsokomola kaye," anatero Tumbikani, thukuta likutsikira m'kolala. "Zamtunduwu zimatero."

"Tumbikani, mwana wangu, abusa akudikira," anatero mayi ake.

Faith anangoima atagwira maluwa, misozi ikulengeza m'maso, ndipo zimenezi zinamupweteka Tumbikani kuposa chipongwe chilichonse. Tchalitchi chinali kutali, ndipo galimoto ya hayala anaibweza yekha ndi pakamwa pake. Anatuluka, anazungulira kuseri kwa khitchini, n'kuimbira Owen.

"Achimwene, yakana. Lero lenileni, pa ukwati!"

"Munailiza m'mawa n'kuizimitsa nthawi yomweyo?"

"Ndinangoisuntha pang'ono kuti ndiitsuke."

"Ndinanena ine," anatero Owen. "Pondani mafuta mpaka pansi, osachotsa phazi, kenaka muilize. Ikakanabe, musaphe batire. Ikankheni pa tala, giya yachiwiri, pamalo otsetsereka. Ikalira itulutsa utsi woopsa, musaope. Ndipo musaizimitse. Muithamangitse mpaka itenthe bwinobwino."

Kuponda mafuta sikunathandize, ndipo batire inayamba kulefuka. Tumbikani anavula manyazi n'kuitana anthu.

"Abale, mutu umodzi susenza denga. Tiyeni tiikankhe."

Anyamata operekeza mkwatibwi anapinda manja a malaya. Asodzi awiri amene ankadutsa anatula maukonde awo. Anaikankha mumchenga, mimba yake ikukhula pansi, mpaka kuifikitsa pa tala, pamene msewu umatsetserekera ku kamlatho. Tumbikani analowa. Anakankha, galimoto inayamba kuthamanga, koma iye ndi mantha anafulumira kuchotsa phazi pa kilatchi. Galimoto inagwedezeka n'kuima, okankha n'kugundana mitu pa buti. Anaibweza kumtunda, anayesanso, zinachitikanso chimodzimodzi.

"Ada, mukulemera ndinu!" anakuwa msodzi mmodzi akupuma wefuwefu. "Tikukankha galimoto ndi thumba la chinangwa lomwe."

Anthu anaseka. Apo ndi pamene Dailesi anatulukira pakati pa amayi, atavala chitenje cha ukwati ndi duku lalikulu. Anayang'ana mlamu wake Faith, amene tsopano misozi inali itayamba kuononga zodzola kumaso. Anavula nsapato zake zazitali n'kupatsa mwana wake Natasha.

"Tulukani, bambo a Natasha."

"Paja munati phazi lanu..."

"Sindikulowera inu. Ndikulowera alamu angawa. Tulukani mukakankhe, mwina mimbayo ingagwireko ntchito lero."

Tumbikani anatuluka. Anavula jekete, anamuuza mkazi wake zonse zimene Owen ananena, n'kukaima kumbuyo pakati pa asodzi. Akwaya anatsika mu lole kudzathandiza. Ngakhale a Simeon anaika ndodo pansi n'kugwira pa nyali.

"Musasiye mpaka ndinene!" anakuwa Dailesi.

Anakankha. Nsapato zosongoka zija zinkaterera pa tala, tayi ikuuluka paphewa. Galimoto inathamanga, kuthamangirabe, Dailesi osachita kanthu. Tumbikani anafuna kukuwa kuti achotse phazi, koma mpweya unali utamuthera. Atatsala pang'ono kufika pa mlatho, galimoto inagwedezeka, inatsokomola kawiri, kenaka phuu! Kunamveka kuphulika ngati mfuti, ndipo utsi woyera unawakwirira onse. Tumbikani anagwa chafufumimba. M'kati mwa utsiwo anamva kulira kuja kwa njuchi za m'chitini, kukukwera, kukutalikira.

Utsi utabalalika, galimoto inali kadontho kofiira kutsidya kwa mlatho, mabaluni akuphulika m'mbuyo mwake. Kenaka inakhota n'kusowa.

Kumtunda amayi anayambanso nthungululu. Tumbikani anadzuka, bondo la buluku litang'ambika, akudumpha ngati mwana.

"Yalira! Asibweni, mwaimva? Yalira!"

"Ndaimva," anatero a Simeon akutola ndodo yawo. "Koma yapita, ndipo mkwatibwi akadali pano."

Anadikira. Tumbikani anayamba kuda nkhawa. Mkazi wake anaphunzirira pa kagalimoto kofooka ka kusukulu, ndipo msewu umenewo unali ndi mbuzi ndi njinga. Anayenda uku ndi uku m'mbali mwa tala, akudzitukwana mumtima. Kenaka phokoso lija linamvekanso chapatali. Galimoto inatulukira pa mlatho, inakwera mtunda ngati mphepo, n'kudzaima bwinobwino pamaso pa mkwatibwi, injini ikung'ung'udza.

Duku la Dailesi linali litagwera pa mpando wa kumbuyo. Maso ake ankawala, ndipo ankayesetsa kutseka pakamwa koma mano ankaonekabe.

"Bambo a Natasha," anatero motsitsa mawu, "kabelu kaja kamalira chifukwa chiyani?"

Tumbikani anatong'ola maso. "Mwafika mpaka pa kabelu?"

"Kawiri. Pena katatu."

"Mayi inu! Mwafika kuti?"

"Chapafupi ndi Kande. Munati ifunika itenthe." Anaseka tsopano osabisa, akumenya chiwongolero. "Iii, koma chinthu ichi! Bwanji simunanene?"

Amayi anamukweza Faith kumbuyo, ndipo chifukwa cha zitseko zotsegukira chakumbuyo zija diresi lonse linalowa osapindika. Wogwirizira mkwatibwi anakhala pambali pake. Mayi a Tumbikani anawakhazika kutsogolo, atafumbata chikwama chawo ndi manja awiri. Tumbikani anavala jekete, anasasa fumbi, n'kugwira chitseko cha dalaivala.

"Zikomo kwambiri, mayi a Natasha. Tsopano ndilandire."

Dailesi sanasunthe. "Kuti ikazime m'manja mwanu pa chipata cha tchalitchi? Komanso taonani bondo lanulo. Mkwatibwi angatsitsidwe ndi munthu wong'ambika buluku?"

"Achimwene, asiyeni alamu ayendetse," anatero Faith kumbuyo, akuseka uku akupukuta misozi.

Tumbikani anasuzumira m'kati. Mipando inali inayi, ndipo yonse inali ndi eni ake. Anatseka chitseko mwaulemu, n'kubwerera m'mbuyo. Dailesi anaponda mafuta kawiri kuti Tukombo yense amve, ndipo galimoto inanyamuka, maliboni akuuluka.

A Simeon anamukoka dzanja kupita ku lole. Anakwera pamwamba pakati pa akwaya, madengu a mpunga ndi makireti a zakumwa. Lole inanyamuka mwaulesi, akwaya n'kuyamba nyimbo. Tumbikani anaimirira atagwira chitsulo, mphepo ikumuomba kumaso, akuyang'ana kadontho kofiira kakuchepera kutsogolo. Anagwedeza phewa la mlendo wina wa kuchimuna amene anakhala pa kireti.

"Ada, mwaiona ijayo? Ya kunyumba kwanga imeneyo."

"Mukunena galimoto kapena dalaivala?" anafunsa a Simeon.

"Onse awiri, asibweni," anatero Tumbikani, n'kulowa m'nyimbo ndi mawu akulu kuposa akwaya onse.