Mbale Zoyendayenda za Amayi Cathrine

Collen anatsitsa bokosi pamwamba pa wadirobu, ndipo asanaliike pansi nkhope yake inali itasintha kale. Bokosilo linapepuka. Anafukula nyuzipepala zakale zokulungira, napeza mbale zitatu zokha. Zinayenera kukhala khumi ndi ziwiri.

"Tsungai, zina zili kuti?"

Mlongo wakeyo anaima pakhomo la chipinda, m'manja muli madiresi a malemu mayi awo. Amayi Cathrine anali atamwalira Lachiwiri, ndipo pabalaza pa kafulati kawo ka ku Ilford panali patayamba kudzaza anthu odzapepesa maliro.

"Sindikudziwa, achimwene. Bokosi limeneli sindinaligwirepo."

"You lived here. M'nyumba muno munali anthu awiri basi."

Mbalezo sizinali mbale wamba. Amayi anazilandira kwa nkhalamba ina yachingerezi ya ku Greenwich imene anaisamalira mpaka kuitseka maso. Zinaumbidwa ku China zaka zoposa mazana awiri zapitazo, n'kubwera pasitima yapamadzi, ataitanitsa makolo a nkhalambayo. Zinali zopyapyala moti ukaziyang'anitsa kudzuwa umaona mthunzi wa zala zako. M'mphepete munali timaluwa tofiirira ndi mzere wagolide wofufutika, pakati pali mkango, chizindikiro cha banjalo. Koma wojambulayo ayenera kuti mkango ankangoumvera m'nkhani, chifukwa chimene anajambula chinali ngati mphaka wokhuta. Amayi ankamutcha Pusi.

Collen ankakhala ku Leeds, ndipo kwa mayi ake ankaonekera pa Khirisimasi ngati mphatso. Komabe mbale zija ankaziwerengera, pakuti amayi ananenapo kuti zidzakhala za Chiedza, mwana wa Collenyo, akadzakwatiwa.

"Ngati unagulitsa, ungonena," anatero motsitsa mawu. "Ndikudziwa ma bill analipo. Koma kundibisira ayi."

Tsungai anapinda diresi, nalipindanso ngakhale linali lopinda kale. Zaka zonsezi ndiye ankawasambitsa amayi miyendo ikatupa, ndiye ankathamangira basi mbandakucha kupita kuntchito atawasiyira mankhwala patebulo. Lero mchimwene wake yekhayo akumuyesa mbala, mtembo usanaikidwe n'komwe. Zinamupweteka kwambiri.

Belu la pakhomo linalira. Anali Petronella, mayi wa ku Zambia wa kutchalitchi kwawo ku Tottenham, atanyamula kanthu kokulunga m'chitenje. Atapepesa, analowa kukhitchini n'kumasula mfundo. Pamwamba panali mandasi. Pansi pa mandasiwo, Pusi anali kusuzumira.

Collen anayang'ana mbale, nayang'ana mlongo wake.

"Mwaitenga kuti iyi, mayi?"

"Iyi? Ni ya ba Cathrine," anayankha Petronella. "Pamene nenze mu hospital last year, bananibweretsera nkhuku pa plate iyi. Nati, amama, iyi ni ya expensive, ikani mu container. Banakana. Ati munthu wodwala asadyere m'pulasitiki, mtima umafooka. Ati ukabweze ukachira." Anapukuta maso ndi chitenje chija. "Ninachila kudala, manje nenze kungoti mailo, mailo." Mawa lakelo linali litafika lero.

Tsungai anakhala pampando. Anakumbukira mayi ake akutuluka ndi kangolo kawo kogulira zinthu, akuti akukawongola miyendo. Kani miyendo yake inali kukwera mabasi mpaka ku Tottenham!

Tsiku limenelo ndi lotsatira lake, mbale zinayamba kubwerera kwawo. Luke, dalaivala wa basi amene anakhalapo miyezi osagwira ntchito, anabwera nayo ili ndi mpunga. Cathy, amene mwana wake anabadwa masiku asanakwane, anabwera nayo ili ndi mbatata zootcha, mwanayo ali kumsana, wonenepa kuposa Pusi. Palibe anaibweza yopanda kanthu, popeza kwathu mbale ya mnzako siibwerera njala. Ina inali itabenthuka m'mphepete, mwini wake akupepesa ngati wapha munthu.

Collen ankazilandira, kuzitsuka yekha, n'kuzisanja pashelefu. Akakumana ndi mlongo wake m'kanjira ka kukhitchini ankamupatukira, maso ali pansi.

Madzulo a tsiku lachiwirilo kunabwera bambo wina wachikulire, wowonda, jekete likumulendewera m'mapewa. Anati dzina lake ndi Greenwell, wa kumpanda umodzi ndi malemu kalekale ku mafamu a ku Zimbabwe. Anakhala kumapeto kwa sofa, chipewa chili pabondo, manja ali opanda kanthu.

"Ana anga, ndabwera ndi mlandu," anatero. "Mbale ina ili kwanga. Ndinaitsuka m'mawa, ndinaikulunga, ndafika nayo mpaka pa bus stop. Kenako ndabwerera nayo." Anazunguza chipewa chija pabondo. "Mayi anu anati ndibweze ndikachira. Ine sindinachire. Madokotala akuti tiziona. Ndiye ndinati ndikaibweza lero, ndiye kuti ndawanamiza. Koma ngati mukuifuna, mawa ndibwera nayo."

Tsungai anayang'ana mchimwene wake, pakuti popanda imeneyo mbale za Chiedza sizikanakwana.

Collen anakanda chibwano.

"Idakali pantchito, bambo," anatero. "Muzidyerabe."

Anthu atabalalika, Tsungai anatsala kukhitchini akupukuta makapu. Kuyambira Lachiwiri ankangomwa tiyi, akudyetsa anthu ena. Collen analowa, naima nthawi yaitali patsogolo pa shelefu ija ngati munthu wosankha nsapato. Kenako anatenga mbale imodzi, osati yobenthuka ija koma yabwino, naikapo mpunga wa Luke ndi ntchafu ya nkhuku. Anafuna kuiika mu maikulowevu, koma atakumbukira mzere wagolide uja anabweza dzanja, natenthetsa chakudyacho pa pani.

Anakoka mpando, namulanda mlongo wake kansalu kopukutira.

"Khala pansi, Tsungai."

"Sindikumva njala, achimwene."

"Ndikudziwa." Anaika mbaleyo patsogolo pake, naizunguza pang'ono kuti Pusi, amene mchira wake unkaonekera pansi pa mpunga, ayang'ane kwa iye. "Idya. Udzabweze ukachira."

Tsungai anayang'ana mbaleyo kwa kanthawi. Kenako anasamba m'manja.