Nkhope pa Ndalama ya Dongo

Mmisiri wa ku fakitale yosula ndalama zachitsulo analowa m'kalasimo atakwinya mphuno. Munkanunkha choko ndi masokosi. Pa desiki lililonse mphunzitsi anali atayikapo sopo, msomali ndi kampira ka dongo.

"Zida zake ndi zimenezi, madamu? Ine ndimasema chitsulo, osati zochapira."

"Ndi ana awa, bambo," anayankha mphunzitsiyo.

Ana! Kwa iye anali mamina ovala yunifolomu basi. Anavomera kubwera chifukwa cha mmodzi yekha, mwana wake wamkazi, amene anakhala pafupi ndi zenera. Chikwatiwireni amayi ake ndi dalaivala wa basi, chindevu chija chosadziwa n'kusongola pensulo komwe, mtsikanayo ankangomupatsa moni wa alendo. Lero aone yekha kuti bambo weniweni ndi uti.

"Tcherani makutu. Ndalama sajambula, amadinda. Sopoyo ndiye chidindo chanu. Pomwe mwakumba, pa dongo patukuka. Chakumanja chipita kumanzere, ndiye zilembo muzilembe chobwerera. Pakati ikanipo nkhope ya munthu amene mumamulemekeza koposa. Pa ndalama sipakhala munthu wamba."

Misomali inayamba kukwecha. Iye ankayenda pakati pa madesiki, manja kumbuyo.

"Ichi n'chiyani, mbatata?"

"Ndi agogo anga, sala."

"Ukawapepese."

Wina anadinda, zilembo zonse n'kutuluka chagada. "Mutuwu unangoutengera chipewa, eti?" Kalasi yonse inafa nacho chiseko.

Desiki la pazenera analisiyira kumapeto, ngati nthuli ya mnofu. Mtsikanayo anali atagwira msomali chopendeketsa, lilime lili panja, ndendende mmene iye amagwirira ntchito, chonsecho sanamuphunzitsepo. Paja amati make mbuu, mwana mbuu. Koma mbuu ameneyu anali wa bambo. Ndevu za pabasi zingaphunzitse zimenezi?

Mwanayo anakanikiza sopo pa dongo, n'kunyamula pang'onopang'ono. Mkombero unatuluka wosalala. Zilembo zinaima chilili: ABABA. Mtima wa mmisiri unadumpha. Kenaka anayang'ana nkhopeyo. Inali ndi ndevu zowirira, tsitsi lililonse losemedwa palokha moleza mtima.

Dzanja lake linapita lokha pa chibwano chake chosalala.

"Iyi ndiye yaposa zonse, si choncho, bambo?" anatero mphunzitsi, akusuzumira.

Mmisiri anatenga ndalamayo n'kuiyandikitsa kumaso. Moyo wake wonse anakhala akutola zolakwa pa ntchito za anzake, ndipo sankabwerako chimanjamanja. Anafufuza m'mphepete, kuya kwa diso, kupindika kwa mphuno. Mwanayo ankamuyang'ana, kudikira chigamulo monga ankadikirira ena onse.

"Yatuluka bwino," anatero. "Koma usaiyike padzuwa, ingang'aluke. Iumire pamthunzi."

"Zikomo, sala."

Anailandira ndi manja awiri, n'kuyenda nayo mosamala kukafuna pamthunzi.