Buluu wa Alamu

Amuna awo a achemwali anga ndi dokotala wa sayansi, ndipo ndiwo anandilowetsa ntchito mu labu yawo. Sankalola kuti ndiiwale zimenezo olo tsiku limodzi.

Ntchito yake inali iyi. Madzi a m'zitsime oipitsidwa ndi feteleza, odzaza naitireti, tinkawathira m'kabotolo kagalasi, n'kuviikamo kachitsulo ka kopa komwe alamuwo anakonza, kenako n'kuyatsa magetsi. Kachitsuloko kakagwira ntchito, naitireti woononga madziyo amachoka n'kusanduka amoniya. Ukadonthezamo mankhwala oyezera, madzi amasanduka buluu, ndipo buluu akachuluka ndiye kuti amoniya wachuluka.

Tsono alamu akayeza okha, buluu wake bii ngati inki. Ndikayeza ine, mbuu.

"Manja akowo ndi ansanje," ankatero. Tsiku lina anati, "Lachisanu kubwera a kampani ya madzi. Ukandichititsa manyazi, unyamule kachikwama kako."

Ndinayamba kuwazonda. Bambo aja amakonda zonyezimira, nsapato zomwe. Asanayeze, ankapopera kabotolo kaja mankhwala opukutira mawindo, n'kukapukuta ndi mpango mpaka waliwali. Fungo lake linkalasa m'mphuno. Nditawerenga pachigubu chake, ndinapeza kuti muli amoniya.

"Alamu, amoniya wanuyu akuchokera m'mankhwala a mawindowa."

"Iwe! Wotsuka mabotolo undiphunzitse ine? Ndakutola pamsewu, lero wakhuta eti?"

Alamuwo ndinadana nawo, sindinama ayi.

Lachisanu alendo anafika atatu, wamkulu wawo mayi wamagalasi. Alamu anandiloza pamaso pawo. "Uyu asakhudze kanthu. Chilichonse wagwira chimaonongeka." Alendo anaseka.

Chabwino. Alamu ali kalikiliki kudzitama n'kupopera kabotolo mankhwala awo aja, ine ndinazungulira kuseri kwa tebulo n'kumasula waya wopita ku kachitsulo kaja. Theka la ola linatha popanda magetsi kulowa m'madzimo. Alamu anadontheza mankhwala, madzi aja bii! Alendo m'manja phaphapha.

Ndinakweza wayayo m'mwamba. "Pepani mabwana, uyu anali wosalumikiza."

Mayi uja ananunkhiza kabotolo, n'kuyang'ana chigubu cha mankhwala a mawindo chili pashelefu. Kenako anatembenukira kwa ine, osati kwa dokotala.

"Inu mumayezanso. Tiuzeni zoona, kachitsuloka kamagwirako ntchito olo pang'ono? Ngati kamagwira, tipitiriza nanu."

Kamagwira. Buluu wanga wotuwa uja anali weniweni, m'mabotolo otsuka bwino, ndipo ndinali nditamuona maulendo okwana makumi anayi. Alamu anandiyang'ana. Kwa nthawi yoyamba ananditchula kuti mlamu: "Mlamu, auzeni."

"Ine ndine wotsuka mabotolo," ndinatero. "Sindidziwa kanthu."

Labu anaitseka mwezi womwewo, tonse awiri ntchito inatha. Achemwali sayankha foni yanga. Ndipo m'zitsime zija anthu akumwabe madzi omwe aja.