Thumba la pa Chiliza

Loweruka pa 13 Julayi 2024, pa mwambo wovundukula chiliza m'mudzi wina kufupi ndi Sharpevale, a Goliati anapereka thumba la mbatata ya kachewere ndi tambala kwa a Dokotala Bizwell Yoramu. Anapereka dzuwa likuswa mtengo, anthu onse akuona, atayamba ayankhula kaye. A Yoramu anali mmodzi mwa aphunzitsi atatu a ku yunivesite amene ankayenera kumufunsa mafunso Eliness, mwana wa mlongo wa a Goliati, Lachinayi lotsatira.

Eliness pamwambopo panalibe. Anali ku boma, akusindikiza mapepala a intavyu.

Nkhani inayamba pa 6 Meyi, pamene dipatimenti ya za mbewu ya ku yunivesite komwe Eliness anaphunzira inalengeza malo awiri a othandizira aphunzitsi. Wosankhidwa amachonga mayeso a ophunzira a chaka choyamba ndi kuyang'anira ntchito ya kumunda, ndipo yunivesite imamulipirira fizi ya digiri yachiwiri n'kumamupatsa kangachepe pamwezi. Eliness anamaliza digiri yoyamba mu 2022, atakhoza bwino. Chichokereni kumeneko ankaphunzitsa sayansi pa sukulu ina yapulayiveti yomwe inkalipira aphunzitsi ikakumbukira. Njira ina yobwererera ku sukulu analibe. Kwawo, kumtunda kwa Nzama, fizi yotere ikanatheka pokhapokha atagulitsa munda.

Kumunsi kwa chilengezocho kunali chenjezo lakuti wopezeka akunyengerera a komiti, iye mwini kapena kudzera mwa munthu wina, dzina lake lidzachotsedwa. Eliness anatumiza zonse zofunika pa 29 Meyi. Pa 24 Juni analandira imelo yakuti ali m'gulu la anthu asanu oitanidwa ku intavyu pa 18 Julayi.

Anawauza mayi ake, a Maness, ali kudimba.

"Koma amalume musawauze."

"Ndiwauziranji ine?" anatero a Maness.

Dzuwa lisanalowe a Goliati anali atakhala kale pakhonde, chipewa chili pabondo.

A Goliati sanalembedwepo ntchito chibadwire, koma m'banjamo ndiwo anali katswiri wa mmene ntchito zimapezekera. Ukatswiriwo unachokera kwa malemu bambo awo, amene mu 1961 anapita ku migodi ya ku Joni atapereka nkhuku kwa kalaliki wolemba anthu. Nkhuku imeneyo a Goliati ankaitchula pa ukwati uliwonse, ngati kuti ndi iyo inkalowa mumgodi.

"Ndamva ukufuna ntchito kwa mwana wa a Yoramu, a ku Sharpevale aja."

"Si kwa iwo, amalume. Imasankha ndi komiti."

"Komitiyo ilibe mimba?"

"Zonse ndinatumiza kale pa intaneti."

"Pa intaneti." A Goliati anatembenukira kwa mlongo wawo. "Mwamva, achemwali? Ndiye intanetiyo itafika inagwada? Inawafunsa kuti kunyumba adzuka bwanji?"

"Malamulo awo akuletsa. Akangomva kuti wina wapita kukawaona, andichotsa."

"Malamulo amaletsa ziphuphu, iwe. Chiphuphu amapereka kuseri, mu envelopu, munthu akucheukacheuka ngati wakuba chimanga. Ine ndikunena ulemu. Ulemu amapereka pa anthu, mboni zilipo, kuti mawa wina asadzakane. Kupatsa n'kuika."

Eliness anagwada n'kuwapempha kuti asachite kanthu. A Goliati anavala chipewa chawo n'kunena kuti ana a masiku ano amaphunzira mpaka kuiwala khomo lolowera m'nyumba.

M'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya a Maness munali matumba atatu. Chaka chimenecho Eliness anabzala, pangodya ya munda wa mayi ake, mtundu wina wa kachewere umene ankauyesa ngati ungapirire chiwawu, matenda amene amawaula masamba nthawi ya mvula. Zotsatira zake ndi zimene ankafuna kukafotokoza pa intavyu. Pa thumba lililonse analemba ndi inki yakuda dzina lake ndi tsiku lokolola, kuti mbatatayo isasakanikirane ndi yogulitsa. M'mawa wa pa 13 Julayi, Eliness atanyamuka, a Maness anatsegula kachipindako. A Goliati anapisa dzanja m'matumba onse atatu n'kusankha la mbatata zikuluzikulu. Dzina lolembedwalo linawasangalatsa: a Dokotala sadzavutika kukumbukira. Thumba ndi tambala zinatsika ku chigwa pa njinga yamoto.

Chiliza chinali cha bambo a a Yoramu. Atatha mapemphero, nsalu itachotsedwa, anthu akudikira chakudya, a Goliati anatuma mawu kwa woyendetsa mwambo kuti pali alendo ochokera kumtunda. Anawapatsa mpata poganiza kuti ndi achibale. A Goliati anavula chipewa, anagwada bondo limodzi, n'kuwatchula a Dokotala ndi chiwongo chawo.

"Wawa, Nzunga! Ife ndife a kwa Nzama. Mwana wathu Eliness watituma. Akuti Lachinayi likubwerali aonekera pamaso panu pa nkhani ya ntchito ija. Ndiye tinati ayi, mwana asakafike chimanjamanja ngati alibe kwawo. Kamba wake ndi uyu. Mumuone ngati wanu."

Umo ndi mmene mkhalapakati amayankhulira. Sanena kuti wabwera yekha. Amayankhula m'dzina la wopempha. Amayi anaimba nthungululu. A Yoramu anaimirira, thukuta likutsika m'khosi la malaya.

"Zikomo bambo, koma zinthu izi ku ntchito kwathu..."

"Landira iwe, Bizwell," anatero amalume a a Yoramu. "Pa chiliza cha bambo ako ubweze mlendo? Ukufuna atinene kuti chiyani kumtundako?"

Thumba linalandiridwa ndi manja awiri.

Pampando wakutsogolo panali a Dokotala Fanizo, mnzawo wa a Yoramu wa mu dipatimenti, amenenso anali mu komiti yosankha. Anabwera kudzamuthandiza mnzawo pamwambo, ndipo chiyambire mapemphero foni yawo inali m'mwamba, ikujambula. A Goliati atagwada, foniyo sinatsike. Mwa anthu asanu oitanidwa aja, mmodzi anali wophunzira wa a Fanizo. Zimene bambo wa wophunzirayo anaika m'buti ya galimoto ya a Fanizo mu Juni palibe anazijambula, choncho sizinachitike.

Tambala anaphedwa masana omwewo kuti alendo olemekezeka adye. Nthutumba inapita m'mbale ya a Fanizo.

Lolemba pa 15 Julayi a Yoramu, amene foni ija anaiona bwinobwino, anafika ku ntchito mnzawo asanafike. Anakokera thumba mu ofesi ya mkulu wa dipatimenti, n'kulemba kalata yotuluka mu komiti. M'kalatamo anatchula kukhulupirika kwawo katatu. Za tambala sanatchule.

Lachitatu, Eliness ali pa depoti ya Ntcheu kudikira minibasi, foni yake inalira. Anali Sheila, mlembi wa dipatimenti.

"Achemwali, musavutike kubwera mawa. Dzina lanu aliimika kaye."

"Chifukwa chiyani?"

"Aa, inunso. Kanema wake wazungulira ofesi yonse. Munthu kutumiza thumba mpaka kulembapo dzina?"

Eliness anabwerera kumudzi ndi chikwama chake. Anapita molunjika m'kachipinda kaja, anaona matumba awiri, kenaka anatulukira pakhonde pomwe a Goliati ankasenda nzimbe.

"Wabwerako kale? Ndiye kuti sanakuvutitse ndi mafunso. Ndinakuuza."

"Andichotsa, amalume."

"Sizingatheke. Analandira ndi manja awiri. Funsa aliyense, panali anthu odzaza bwalo."

"N'chifukwa chake andichotsa."

A Goliati analavula makoko a nzimbe. "Ndiye kuti thumba limodzi linachepa. Ndinawauza mayi akowa kuti tinyamule awiri."

A Maness anali atalowa m'khitchini, ndipo sanatulukemo mpaka chakudya chitapsa.

Eliness analemba apilo. Komiti yoona za khalidwe inamuitana Lachinayi pa 8 Ogasiti. Panali wapampando, amene anali pulofesa wa ku dipatimenti ina, mamembala awiri, ndi a Fanizo ngati mboni. Pakona pa chipindacho panali thumba lija. Linachoka ku Nzama lodzaza mpaka kukamwa. Tsopano linali litagwada pakati ngati munthu wodwala msana.

Anaonetsa kanema. Mawu a a Goliati anamveka bwino kwambiri. Foni ya a Fanizo inali yodula.

"Awa ndi amalume anu?" anafunsa wapampando.

"Ndi iwowo."

"Akuti munawatuma."

"Sindinawatume. Ndinawaletsa. Mkhalapakati kwathu amayankhula choncho, ndipo ndikhulupirira kuti kwanunso."

Wapampando, amene kwawo ndi ku Dedza, anayang'ana mapepala ake.

"Malemba a pathumbawo ndi anu?"

"Ndi anga. Si mphatso imeneyo. Ndi mbatata ya kafukufuku wanga."

"Mtundu wanji umenewu?" anafunsa membala wina, atatsamira kutsogolo. "Chifukwa siphwanyika pokazinga, ndiponso..." Anaima, n'kukhosomola. "Ndikutanthauza kuti ikuoneka yolimba."

Eliness anayang'ana thumba, kenaka anayang'ana Sheila, amene ankalemba zokambirana.

"Makoswe," anatero Sheila, osadzutsa mutu. "Avuta nyumba ino."

"Makoswe a kuno amasankha zikuluzikulu," anatero Eliness.

Wapampando anati mawu amenewo asalembedwe.

A Fanizo anayankhula kwa nthawi yaitali. Anati mtima wawo ukuwawa chifukwa mtsikanayu ndi wanzeru, koma yunivesite si mudzi, ndipo khalidwe lonyamula nkhuku kupita nazo kwa akuluakulu ndi limene labwezera dziko lino m'mbuyo. Palibe anawafunsa kuti nkhukuyo inathera kuti.

Chigamulo chinatuluka pa 20 Ogasiti. Malo oyamba anapita kwa wophunzira wa a Fanizo. Malo achiwiri anawasunga. Komiti inati idzamvanso nkhani ya Eliness ngati a Goliati adzabwera okha kudzanena kuti anatenga thumba mwini wake osadziwa, ndipo kuti palibe anawatuma. Inakumbutsanso kuti bungwe lothandiza limene likulipira malowo lidzabweza thandizo lake ngati munthu sadzapezeka pofika pa 31 Okutobala.

Eliness anawafotokozera a Goliati pang'onopang'ono, mayi ake ali pomwepo.

"Ndiye ukuti ndikaime pamaso pa anthu ophunzira, ndikanene kuti ndinaba m'nyumba ya mlongo wanga?"

"Simukanena kuti munaba. Mukangonena kuti ine sindinkadziwa."

"Malume amapempha chilolezo kwa mwana? Mbumba iyi ndi ya ndani?"

"Achimwene, kangopitani," anatero a Maness motsitsa. "Mwanayu walira mokwana."

"Inu khalani chete, chitseko munatsegula ndinu."

Patapita sabata a Goliati anatumiza uthenga kuti avomera. Komiti inaika tsiku la 3 Seputembala, semesita itatsegulidwa dzulo lake. M'mawa wa tsikulo Eliness anafika pa siteji n'kupeza amalume ake atavala jekete ya malemu bambo awo, nsapato zopolishidwa, m'manja muli chingwe. Kumapeto kwa chingwecho kunali mbuzi yaikazi, yonenepa.

"Iyi ikupita kuti?"

"Ku mlandu. Unayamba waonapo munthu wolakwa akupita ku bwalo wopanda chipepeso? Akuti ndawalakwira. Chabwino. Ndikapepesa ngati munthu wamkulu."

"Amalume, mlandu wonsewu ndi wa mphatso. Mukufuna mukapereke mphatso kwa oweruza mlandu wa mphatso?"

"Iyi si mphatso, ndi chipepeso. Digiri yonseyo osasiyanitsa zinthu ziwirizi?"

Kondakitala wa minibasi anatulutsa mutu pawindo. "Madala, mbuziyo ilipira mpando wake. Ndipo ikachita zake m'katimu mukolopa nokha."

"Mbuzi ikakwera, ine sindikwera," anatero Eliness.

"Mbuzi ikatsala, inenso ndatsala. Sindingakachite manyazi kawiri."

Minibasi inadzaza n'kunyamuka. Ina inabwera, inadzaza, n'kunyamuka. Anthu a pa siteji anagawikana: amayi ogulitsa tomato anali mbali ya Eliness, abambo a pa bawo anati madala akunena zoona, ndipo mmodzi anafunsa mtengo wa mbuziyo. Dzuwa litakwera, Eliness anaimbira Sheila kuti mboni yadwala.

"Pepani," anatero Sheila. "Koma pobwera ulendo winawo, mbewu ya mbatata ija mungapezeko? A pulofesa amafunsa."

Eliness anadula foni.

Komiti inaika tsiku lomaliza, Lachinayi pa 17 Okutobala. Eliness anabwerera ku sukulu yapulayiveti ija. Matumba awiri otsala anawasamutsira ku chipinda chake cha lendi ku boma, ndipo kiyi amayenda naye m'khosi. A Yoramu sayankha foni yake. Thumba la umboni, malinga ndi Sheila, analitaya kumapeto kwa Seputembala chifukwa munalibenso kanthu.

Pofika Lolemba pa 14 Okutobala, malo achiwiri anali asanapatsidwe kwa munthu, ndipo a Goliati anali asananene ngati apita chimanjamanja. Mbuzi inali idakamangidwa pa mtengo wa pichesi kuseri kwa nyumba ya a Maness.