Thabwa Lapamwamba la Cleto

Tandimasulirani aka, inu amene munakhala m'kalasi mpaka mabenchi kukudziwani. Mlendo wanga ndimamuitana chaka ndi chaka, ndimamuyalira maluwa panjira, ndimamuphikira zimene amakonda. Amabwera, amakhuta, amapita, koma mbale amaisiya yodzaza. Ndani? Musakande mutu mpaka kutuluka magazi, ndi malemu ameneyo. Yankholi muligwire bwino, chifukwa chaka china ku Centro kwathu linatipulumuka m'manja.

Doña Herminia anali atagwada pansi mu holo, akuthothola maluwa achikasu m'ndowa, mawondo akulira ngati chitseko cha garaja. Tsiku la Akufa linali pafupi, ndipo Centro, nyumba ya zaluso ya m'dera lathu, kumadzulo kwa San Antonio, inali piringupiringu. Pamwamba ana a gule ankaponda mpaka fumbi kugwa kudenga. Kuseri anyamata a magitala ankabwereza nyimbo imodzi, n'kumalakwitsa pamalo omwewomwewo. Herminia ntchito yake inali yomwe ija ankaigwira kuyambira nyumbayo ikununkhabe matayala a sitolo imene inalipo kale: kukonza guwa la akufa, limene timati ofrenda.

Chaka chimenecho manja ake ankalemera. Masitepe a matabwa a guwalo anawakhoma mwamuna wake Cleto, kalipentala, ndipo chaka chilichonse ankawamanga yekha kwinaku akumunyogodola.

"Minnie, ndikadzafa udzandiike pamwamba penipeni," ankatero. "Ndikufuna ndidzamuone amene amaba buledi paguwa pano."

Cleto anamwalira mu Marichi. Mwambo wa pa Centro ndi wakuti amene watisiya chaka chomwecho, chithunzi chake chimakhala pa thabwa lapamwamba, poti njira yobwerera sanaizolowere, angasochere. Chaka chimenecho anali Cleto yekha. Chithunzi chake chinali chaching'ono ngati chikhatho, chodulidwa pa chithunzi cha ukwati wa eni, phewa la munthu wina likuoneka m'mbali, poti bamboyo kamera ankaithawa ngati dokotala wa mano. Herminia anachipukuta ndi siketi, n'kuchiika pamwamba paja. Kenaka anakhala pampando, akupuma.

Mpweya usanabwerere, chitseko chinatseguka ndi phazi. Munalowa chithunzi chachikulu ngati tebulo, cha fulemu yagolide, miyendo iwiri ikuyenda pansi pake. Miyendoyo inali ya Rigoberto.

Rigo tonse tinkamudziwa. Chipewa chakuda ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndevu zosongoka, utoto pamalaya umene ena ankati amaupaka dala asanatuluke m'nyumba. Mukamumvera, khoma lililonse lojambulidwa kumadzulo kuno linadutsa m'manja mwake, ndipo pa zionetsero zakale zija iye ndiye anali patsogolo. Mtunda umene anayenda tsiku limenelo unkatalika chaka ndi chaka.

Anatsamiritsa chithunzicho kukhoma, n'kuvula chipewa. Pachithunzipo panali Don Eusebio, mkulu amene anajambula khoma lakunja la Centro, lija la amayi othyola thonje. Anali atasamukira kwa mwana wawo ku Laredo zaka zambiri zapitazo, ndipo ife, kunena zoona, tinali titasiya kuwafunsa.

"Aphunzitsi anga apita," anatero Rigo. "Anatsirizikira m'mikono iyi. Maso ndinawatseka ndine."

Anatulutsa m'thumba burashi yakale yothothoka ubweya, n'kunena kuti mawu omaliza a mkuluyo anali akuti, Rigo mwana wanga, tenga, ntchito yanga ipitirire mwa iwe. Ndiye poti nawonso ndi a chaka chino, malo awo ndi pamwamba.

Herminia anawalira Don Eusebio mumtima, poti anali munthu wabwino ngakhale wapakamwa. Koma anati thabwalo lili kale ndi mwini wake.

"Doña Herminia, ulemu wonse kwa Cleto," anatero Rigo. "Koma wina ankakhoma misomali, wina ankakhoma mbiri ya mtundu wathu pakhoma. Mukufuna anthu a nyuzipepala adzajambule phewa la mlendo?"

Anaitanidwa Yesenia, mtsikana amene amayendetsa Centro. Anabwera ndi maso ofiira, foni ku khutu, akukangana ndi munthu wokonza denga. Anati onse akhale pamwamba, nkhani ithe. Koma Cleto thabwa lapamwamba analipanga lopapatiza, ndipo fulemu yagolide ija inalidzaza lonse, ngodya zikulendewera. Anayesa kumuimika Cleto patsogolo pa galasi, Rigo n'kudandaula kuti akuphimba dzanja la aphunzitsi, dzanja lenilenilo. Yesenia anamuyang'ana Herminia ngati mwana wopempha kuti asamenyedwe.

Herminia analibe mphamvu zokokana ndi munthu. Chichokereni Cleto, ngakhale kutsegula botolo la mankhwala kunkamutopetsa. Anatenga kachithunzi kaja, n'kukatsitsa mpaka sitepe yapansi, pambali pa mbale ya buledi wa akufa.

"Bola pamenepo, comadre," anatero Chayo, mnzake amene anamuimira mwana pa ubatizo, yemwe nthawi yonseyi ankadula mapepala okongoletsa pakona. "Wakuba uja samuona chabe, amugwira dzanja."

Herminia sanaseke. Chayo nayenso nthabwala inamuthera msanga, poti anali ndi chake chomuwawa. Iye ndi Graciela, mwana wa Don Eusebio, anakulira mumsewu umodzi, ankabwerekana madiresi. Bambo ake amwalira, osatumiza ngakhale mawu? Kodi ife a San Antonio tinakhala agalu? Anajambula guwalo pa foni, fulemu yagolide ikuwala pamwamba, n'kumutumizira Graciela ndi mawu a chipepeso, theka kupepesa theka kukalipa. Yankho silinabwere. Chayo anati anthu akasamukira ku Laredo amayamba kudzimva.

Masiku otsatirawo Rigo ankabwera m'mawa uliwonse kudzapukuta galasi la chithunzi ndi mpango wake, n'kumafotokozera aliyense wolowa, ngakhale wobweretsa makalata. Anaikapo botolo la kachasu wa mezcal ndi burashi ija. Koma atafunsidwa chakudya chimene aphunzitsi ake ankakonda, anayamba kukamba za nkhondo ya mitundu ya utoto. Herminia ndiye ankakumbukira: tamales a nkhumba a tsabola wofiira, mikate ya chimanga yokulunga m'makoko, amene mkuluyo ankadya ali pamwamba pa makwerero, makoko a chimanga akuwaponya pamutu pa odutsa. Anawaphika, msana ukumuwawa. Ankati wakufa alibe mlandu, sangayende ulendo wonsewo n'kupeza mbale yopanda kanthu. Pamalo pa Cleto anaikapo nyama ya barbacoa ndi botolo la chakumwa chake chofiira, pansi pomwepo.

M'mawa wa tsikulo, akumanga nsapato, anagamula. Mwambo ukatha, amutenga Cleto kupita naye kunyumba, makiyi a chipinda chosungiramo masitepe amusiyira Yesenia, ndipo guwa la chaka chamawa akonza amene ali ndi mawondo. Chinthu chimodzi chokha chimene bamboyo anapempha, iye analephera kumupatsa. Anamuuza Chayo m'basi. Chayo anangomugwira dzanja, chinthu chimene sachitachita.

Masana holo inadzaza. Utsi wa lubani, makandulo, ana opentedwa nkhope ngati zigaza akuthamangitsana pakati pa mipando. Njira ya maluwa achikasu inayambira pakhomo mpaka paguwa. Herminia anakhala kutsogolo chakumbali, pamene ankatha kumuona Cleto, ngakhale miyendo ya anthu inkamuphimba.

Rigo anapatsidwa maikolofoni kuti anene mawu awiri. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Nkhani ija inali itanenepa. Tsopano m'chipinda cha ku Laredo munali mvula ikugunda pazenera, ansembe akulira, ndipo kambalame kanatera pabedi. Rigo anatseka maso, n'kutambasula mikono kuonetsa mmene anawanyamulira aphunzitsi ake, opepuka ngati mwana.

Ndiye poti anali wotseka maso, iye yekha ndiye sanaone.

Pakhomo panaima mayi wonenepa wa magalasi, Graciela. Patsogolo pake, nkhalamba yowonda ya chipewa cha udzu inkakankha chitsulo choyendera, ikubwera pang'onopang'ono pakati penipeni pa njira ya maluwa. Gwe, gwe, gwe. Ana sanasamale. Koma amayi akuluakulu anayamba kuchita chizindikiro cha mtanda, wina korona inamugwa m'manja. Chayo anamutsina Herminia pantchafu.

"Comadre," ananong'ona, "maluwa a chaka chino munagula kuti? Agwira ntchito mopitirira."

Don Eusebio anafika paguwa. Anayang'ana chithunzi chawo nthawi yaitali, mutu atapendeka. Kenaka anatambasula dzanja, anatenga tamale mmodzi m'mbale, anasenda, n'kuyamba kutafuna. Khoko analiponya pa nsapato ya Rigo.

Rigo anatsegula maso. Maikolofoni inalira yokha.

"Pitiriza, mnyamata," anatero mkuluyo. "Ndafika pabwino. Ndinati chiyani nditaona kambalameko?"

Don Eusebio anatenga tamale wina, n'kufunsa ngati si zawo, poti aona dzina lawo pambale. Anati chiyambire kudwala, mwana wawo amawadyetsa masamba owiritsa opanda mchere, ndiye ngati kufa n'kumeneku, bwenzi atafa kale. Graciela anafotokozera amene anali pafupi kuti bambo ake anagonadi m'chipatala nthawi yozizira, ansembe anaitanidwadi, koma anadzuka n'kupempha fodya. Uthenga wa Chayo utafika, iye ankafuna kuimba foni, koma mkuluyo anamuletsa. Anati maliro ake akufuna akawaone yekha.

Rigo anayamba kufotokoza kuti anamva kwa munthu wodalirika, msuweni wa wometa tsitsi wake, ndipo zinazo anangowonjezera pofuna kulemekeza.

"Kandimverere anakanena za m'maluwa," anatero Chayo mokweza.

Mkuluyo anatola burashi ija paguwa, n'kuiyandikitsa kumaso. Anati akuidziwa. Inasowa chaka chimene ankajambula khoma lakunja, pamene Rigo anali wogwira makwerero, ntchito imene anaigwira bwino mpaka tsiku limene kunadutsa mtsikana wa siketi yofiira. Anakweza buluku kuonetsa chipsera pa msongolo, chimene anachipeza atagwa ndi makwerero tsikulo. Kuseka kunayambira kumbuyo, kwa anyamata a magitala, n'kumabwera kutsogolo ngati moto wa udzu.

Koma Don Eusebio anali ataweramira mbale ya buledi, ndipo anaima pomwepo. Anatola kachithunzi kaja.

"Uyu si Cleto?" anafunsa. "Cleto wanga wa masitepe?"

Herminia anavomera ndi mutu. Anati mu Marichi, mtima. Mkuluyo anavula chipewa. Palibe amene anawauza, monganso ife panalibe amene anatiuza za iwo. Anasisita galasi ndi chala mpaka ana omwe anasiya kuthamanga. Kenaka anafunsa chimene munthu wa chaka chino akuchita pansi ngati mphaka wodikira nyenyeswa.

"Iwe Rigo, nditsitse pamenepo. Malo a eni ake awo. Ine sindinakonzeke."

Rigo anakwera pampando, anakumbatira fulemu yagolide, n'kutsika nayo ali wefuwefu. Yesenia anafuna kumuthandiza Herminia, koma iye anakana. Anakwera yekha, mawondo akulira, Chayo atamugwira m'chiuno. Anamuimika Cleto pakati pa thabwa limene anapala ndi manja ake, phewa la mlendo lija n'kukwera nawo. Anasunthira kandulo pafupi, n'kukweza botolo lofiira lija.

"Ndi apo," anatero pansipansi. "Yang'anani tsopano."

Atatsika, anapeza Don Eusebio akunyema buledi wa akufa, shuga ali mbuu pandevu. Herminia anayang'ana mkuluyo, anayang'ana Cleto pamwamba paja, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokere Marichi, anaseka mpaka kugwira mpando. Makiyi anakhalabe m'chikwama chake. Za mawondo, anati aziona chaka chamawa.

Rigo ankazemba cham'mbali, fulemu ili kumutu, miyendo yokha ikuoneka monga anabwerera. Anatsala pang'ono kutuluka, koma chithunzicho chinakakamira pachitseko. Anayesa chopingasa, anayesa choimika, anthu akumulangiza aliyense zake. Ali pakalikiliki, mawu a mkulu uja anamupeza.

"Rigo, usachitaye, chidzagwira ntchito. Ndipo foni yako izikhala yoyatsa. Ndikadzamva kuti yafika nthawi ndidzakuimbira, ubwere ndi mikono yako ija. Koma udzagwire bwino, osati ngati makwerero."

Holo yonse inagwa ndi phwete, ngakhale wa nyuzipepala anaiwala kujambula. Mpaka lero Rigo akalowa m'basi ya kumadzulo kuno, nkhalamba zimakhala tsonga n'kutsegula maso kwambiri, kuopa kuti angazitseke maso zili moyo.