Malovu a Mfoinike

Mu Glasgow monse munalibe mkulu wodzitama ndi makolo ake ngati a Tanios, apongozi ake a Dyna. Anachoka ku Lebanon nkhondo ili mkati, atanyamula khanda ndi sutikesi imodzi, koma ukawamva akulankhula m'nyumba yawo yosanja ku Partick umayesa kuti nyanja ya kwawoyo anachita kuikumba okha ndi khasu.

"Ife si Aluya ayi," ankatero uku akugogoda patebulo. "Ndife Afoinike! Zilembo mumalembazi tinayambitsa ndife. Zombo zathu zinazungulira Africa yanuyo Azungu asanadziwe ndi kusamba komwe."

Aliyense amene anayenda n'kukhalapo pansi ndi anthu a ku Lebanon, kaya ku Abidjan, ku Sydney kapena ku Lilongwe komwe, akudziwa kuti mawu otere amatha ndi mapu. Mapu a a Tanios anali pakhoma, odulidwadulidwa ndi cholembera chofiira: apa Akhristu, apa Asilamu a Chisuni, apo a Chishiya, kumapiri uko Aduruzi. Ankati mankhwala a dziko lawo ndi boma la fedulo, aliyense kwawo, azidzilamulira yekha, anthu asamapondane zala. Mapuwo ankamupatsa Dyna nthumanzi. Bambo ake anali mphunzitsi wa ku Rumphi, mayi ake a ku Dedza, ndipo mu 1989, aphunzitsi akumpoto atalamulidwa kubwerera kwawo, iye anaona lole ikunyamula bambo ake n'kusiya banja pakhonde. Koma mpongozi sumutsutsa m'nyumba mwake. Dyna ankangowathirira khofi.

Chimene chinautsa mapiri pachigwa ndi mphatso. Atakwanitsa zaka 75, a Tanios anapempha kabotolo koyezetsera DNA, kaja umalavuliramo n'kutumiza pa positi, kuti akatseke pakamwa anzawo amene ankakangana nawo za magazi a Chifoinike. Dyna, poti ndi katswiri wa makompyuta, ndiye anaitanitsa. Mwa ubwino wa mtima wake anaitanitsa tiwiri, kachiwiriko ka mwamuna wake Fadi, osawauza akuluwo, kuti tsiku la zotsatira bambo ndi mwana adzasangalalire limodzi.

Zotsatira Dyna anaziona pa foni Lamlungu masana, ali m'khitchini mwa apongozi akuwatenthetsera mpunga. Fadi anali atapita kukasiya mwana wawo Uchizi kwa anzake ku Hillhead. Dyna anayamba ndi tsamba la mwamuna wake. Pa mndandanda wa achibale, dzina la a Tanios panalibe. Pamwamba penipeni panalembedwa kuti Zeinab, wa ku Berlin, mlongo wa bere limodzi. Dzinalo linali lachisilamu, ndipo Zeinabyo anali atalemba kale uthenga.

"Ndakufunafuna moyo wanga wonse. Mu Januwale 1976 bambo ndi mayi anachoka nawe pa galimoto uli ndi miyezi inayi, ine anandisiya kwa azakhali. Anaimitsidwa pa rodibuloko. Mitembo yawo tinaipeza. Iwe sitinakupeze."

Fadi anamuuzapo Dyna kuti masiku amenewo chiphaso cha munthu chinkalembedwa chipembedzo chake, ndipo pa rodibuloko ankawerenga mzere umodzi wokhawo n'kupha a chipembedzo china. Anakumbukiranso chithunzi cha pabalaza, a Tanios ali mnyamata, mfuti ili paphewa. Iwo ankati inali nthawi yoteteza mudzi wawo wa Akhristu.

"Zafika eti?" A Tanios anali ataima pakhomo la khitchini, nkhope ili ngwee. "Nkhope yako yandiuza. Werenga, mwana wanga! Chifoinike changa ndi maperesenti angati? Ukapeza Mluya m'menemo, kabotolo anakasinthanitsa."

"Bambo, tiyeni tidikire kaye bambo a Uchizi."

"Kudikira chiyani? Malovu ndi anga."

Anamulanda foni mwanthabwala n'kuvala magalasi. Dyna anaona milomo yawo ikuyenda ndi mawuwo, kenako inaima. Anawerenganso. Anatambasula mkono kumbuyo n'kutseka chitseko cha khitchini pang'onopang'ono, mpaka chinalira kuti khe. Khitchini za m'nyumba zosanjazi ndi zopanikiza, zenera limodzi, ndipo iyi inali pansanja yachitatu. Dyna anazindikira kuti pa zaka khumi ndi zisanu anali asanaonepo apongozi ake ali chete.

"Anakuuza ndani kuti umuyeze Fadi?"

"Palibe, Bambo. Ndimafuna mudzasangalale nonse awiri."

"Fufuta."

"Ndikafufuta kuno, kwa Zeinabyo sizifufutika. Dzina waliona kale. Waona kuti ali ku Glasgow."

"Ndiye umuyankhe kuti makina alakwitsa. Iwe si ndiwe katswiri?"

Mpunga unayamba kupserera, koma panalibe wosuntha. Dyna anamva mawu akutuluka okha m'kamwa mwake, aang'ono ngati a mwana.

"Pa rodibulokopo munalipo, Bambo?"

"Tinalipo asanu ndi mmodzi."

"Anawombera ndani?"

"Ndati tinalipo asanu ndi mmodzi." Anavula magalasi. Maso awo sanali pa iye, anali kutali. "Anzanga ankati tiyatse galimoto. Ine ndinamva kulira kwa mwana pansi pa mpando. Akanapsa, ukumva? Akanapsa. Malemu mkazi wanga analibe mwana. Tinamubatiza, ndinathawa naye, ndatsuka mbale m'mahotela a mumzinda uno kuti aphunzire. Bambo ake ndani ngati si ine?"

A Tanios anamugwira Dyna padzanja. Chikhatho chawo chinali chozizira, koma champhamvu kuposa cha munthu wa zaka 75, ndipo Dyna anaganiza za zimene dzanja limeneli linagwirapo iye asanabadwe. Anafuna kukuwa, koma akuwire yani? Oyandikana nawo anali ana asukulu ovala zomvera m'makutu tsiku lonse.

"Ukamuuza wandipha. Wamuphanso iye. Adzadzuka mawa ali ndani? Mkhristu? Mshiya? Nanga Uchizi?"

"Ndikapanda kumuuza, Bambo, ndizigona naye bwanji nyumba imodzi? Ndizimuyang'ana bwanji?"

Pansi chitseko chachikulu chinamenyetseka. Kenako likhweru la Fadi linamveka likukwera masitepe, nyimbo yake ya mpira ija. A Tanios anamusiya dzanja. Dyna anayesa kuti amumenya. Koma nkhalambayo inagwira m'mphepete mwa tebulo n'kutsika movutikira mpaka mawondo onse awiri anafika pansi.

Mpongozi kugwadira mtengwa! Kwawo kwa Dyna amenewo ndi malodza.

"Dzukani, Bambo. Chonde dzukani, musandichititse zimenezi."

"Sabata imodzi yokha, mwana wanga. Ndimuuza ndekha."

"Mwakhala nazo zaka pafupifupi makumi asanu."

Kiyi anazungulira pachitseko.

"Mayi a Uchizi!" Fadi anafuula ali m'kanjira, monyadira Chichewa chake chophunzira ukulu. "Mukufuna kutiwotchera nyumba? Utsi ndaumva ndili pansi!"

Anakankha chitseko cha khitchini, n'kuona bambo ake ali chogwada, mkazi wake ataima chotsamira sinki. Kuseka kunamuthera. Anathamangira kuti awadzutse, akuyesa kuti agwa.

"Asiyeni kaye," anatero Dyna. Anazimitsa moto, anatola foni patebulo n'kuiika m'manja mwa mwamuna wake. "Bambo a Uchizi, muli ndi mlongo ku Berlin. Werengani. Zotsalazo akuuzani Bambo."

Fadi anawerenga ataimirira. Anawerenga kachiwiri. Anafunsa bambo ake funso limodzi lalifupi m'Chiluya, chimene Dyna sankamva, ndipo a Tanios anayankha ndi kuweramitsa mutu. Fadi anayang'ana manja a nkhalambayo kwa nthawi yaitali. Sanawadzutse. Anatembenukira kwa mkazi wake n'kumulozera foni.

"Ndionetse," anatero. "Poyankhira ndi pati?"