Tansy Inaima M'madzi

A Ivor Pidgley anaweta mahatchi m'nkhalango ya New Forest zaka makumi asanu, koma Loweruka limenelo analowamo ngati mlendo, atakhala m'galimoto ya mwana wawo Bryony, bulangete lili pamaondo. Chiwagwirireni sitiroko zaka zitatu zapitazo ankakhala kwa mwanayo ku Southampton, m'nyumba yosanja yoyang'ana kudoko. Kanyumba kawo ka ku Fritham kanagulidwa ndi anthu a ku London obwera pa tchuthi pokha. Mahatchi awo onse anagulitsidwa kupatula Tansy, yaikazi yotuwa imene aliyense anaikana chifukwa cha ukalamba. Imeneyo inangolembedwa m'dzina la mnansi wawo n'kusiyidwa kuthengo kumene inabadwira.

Poimika magalimoto panali podzaza. Mayi wina ankadyetsa kamwana ka hatchi karoti, chikwangwani choletsa chili pafupi pomwepo. A Pidgley anafuna kumukalipira, koma lilime linakana monga mwa masiku onse, n'kungotulutsa liwu limodzi lotukwana. Bryony anaseka n'kunena kuti mawu oipa okha ndi amene matenda anawasiyira.

Atangoponda pansi anadziwa kuti chaka chaipa. Nthangala za thundu zinali zitayoyoka mbwee, zaziwisi, zikuphwanyika pansi pa nsapato. Chaka chotere nkhumba zimene amazimasula kuti zizitola sizikwanira, ndipo hatchi ikalawa nthangalazo n'kuzikonda siyang'ananso udzu mpaka impso zitaonongeka.

Bryony ankafuna adye kaye masangweji pa benchi. Iwo analoza ndi ndodo kumunsi, kumene kamtsinje kamadutsa pakati pa mitengo ikuluikulu ya thundu. Kumeneko n'kumene Tansy inkakonda kukhala chibadwire. Ulendo wa mphindi zisanu unawatengera theka la ola, mwendo wamanzere akuchita kuukoka.

Anaipeza itaima m'madzi ofika m'maondo, mutu uli pansi, nthiti zikuwerengeka. Mchira unali utamatirira ndowe zakuda zosakanikirana ndi magazi. Banja lina linali pagombe likuijambula, bamboyo akuuza ana ake kuti aone kufatsa kwake. A Pidgley anawadutsa osawayang'ana n'kulowa m'madzimo ndi nsapato zomwe. Anaika dzanja labwinolo pakhosi pake. Tansy inangotembenuza khutu limodzi.

"Ababa, yatani?" anafunsa Bryony.

"Martyn," iwo anatero. "Imba."

Martyn Renyard anali woyang'anira ziweto za chigawo chimenecho, munthu amene a Pidgley anamuphunzitsa kukwera hatchi kalekale. Anafika patatha pafupifupi ola, atasiya galimoto yake m'kanjira ka pamtunda.

"Madala, mudakalipo? Ine ndinamva kuti munasanduka wa m'tauni, mukudyetsa nkhunda pazenera."

Nthabwalayo inathera pomwepo ataona hatchiyo. Anaitukula mlomo, n'kuyang'ana nkhama, kenaka anapukuta dzanja pa buluku. Anati imeneyi inali ya khumi ndi chisanu ndi chinayi kudwala ndi nthangalazo mwezi umenewo, ndipo anali ataifunafuna kuyambira Lachitatu osaipeza. Bryony anafunsa ngati dokotala wa ziweto sangachitepo kanthu. Martyn anangoyang'ana a Pidgley.

"Mochedwa," anatero a Pidgley, ndipo liwulo linatuluka lomveka bwino.

Martyn anaimbira mnansi uja, amene anavomera msanga kuti iphedwe. Kenaka anapempha banja lija kuti lichotse ana, n'kupita kukatenga mfuti kugalimoto. Panatsala kuitulutsa m'madzi, chifukwa ikanagwera mmenemo sakanatha kuikoka. Martyn anayesa ndi chingwe, Tansy osasuntha. A Pidgley anapereka ndodo kwa Bryony, n'kugwira chenjerere cha hatchiyo, n'kuliza lilime kawiri monga ankachitira pa chipata cha ku Fritham. Inanyamula mwendo. Anatuluka limodzi pang'onopang'ono, wina akutsamira mnzake, mpaka pouma.

"Bwererani kumbuyo kwanga, madala," anatero Martyn motsitsa mawu. "Malamulo mukuwadziwa, munandiphunzitsa ndinu."

Anabwerera masitepe atatu okha. Sanatseke maso. Mfuti italira, njiwa zinabalalika m'mitengo, ndipo Tansy inagwada n'kugwera kumanja. Miyendo yakumbuyo inapalasa masamba kanthawi n'kuleka.

Martyn anawathirira tiyi wa m'fulasiki yake, n'kumawafotokozera amene anamwalira ndi amene anagulitsa malo. Mayina anali ambiri. A Pidgley ankangogwedeza mutu, buluku likudontha, mano akugundana. Bryony anawafunditsa jekete lake n'kunena kuti basi, azipita.

Potuluka m'nkhalango magalimoto anaima chifukwa mahatchi asanu ankaoloka msewu mosafulumira. A Pidgley anawayang'ana imodziimodzi monga mwa chizolowezi, kuyambira kumchira. Yomaliza, yofiirira ya zaka ngati ziwiri, inatsalira pansi pa thundu m'mbali mwa msewu, ikufukula masamba ndi mphuno, udzu wabwinobwino uli pafupi. Anagogoda galasi ndi chala mpaka Bryony anamvetsa. Mwanayo anaimbiranso Martyn n'kumuuza malowo ndi chizindikiro chimene chinali pamsana pake.

Martyn anaigwira Lolemba, n'kuitsekera m'khola ndi udzu wouma. Lachisanu anatumizira Bryony uthenga wakuti yafa m'mawa. Bryony anasunga nkhaniyo, akudikira kuti bambo ake afunse kaye. Iwo sanafunse. Anali ataona ndowe zakuda kumchira wa hatchiyo tsiku lomwe lija, ndipo Bryony atawauza kuti apitenso kunkhalango nyengo ikafunda, anapukusa mutu.